Phulusa la Kumwamba, Mpweya wa Pansi ndi Alonda a Phiri



Chiyambire pamene namondwe wa Freddy adatigwera m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, mawu akuti "phiri laphulika" sakuchoka pakamwa pathu kuno ku Mulanje. Mvula ikagwa usiku wonse, kapena kukamveka kugunda kwa miyala kumtunda kwa Likhubula, mauthenga amayamba kuyenda pa WhatsApp, ena mpaka kumalosera kuti tsiku lina Sapitwa adzalavula moto ngati mapiri amene timawaona pa kanema. Sabata ino tiyeni tilingalire pamodzi za mapiri amene amalavuladi moto, makamaka za mpweya ndi phulusa zimene amatulutsa. Mfundo yathu ndi imodzi yokha: phiri lililonse loopsa limafuna alonda, ndipo anthu amene amapulumuka ndi amene amasamalira alonda awo pa nthawi ya mtendere ndi kuwamvera pa nthawi ya zoopsa.

Tiyambe ndi kukhazika mitima pansi. Phiri la Mulanje si phiri lamoto. Akatswiri a za miyala amafotokoza kuti zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, miyala yosungunuka idakwera kuchokera pansi pa dziko, koma idazizira ili mkati mwa nthaka n'kuuma kukhala thanthwe lolimba kwambiri. M'kupita kwa nthawi mvula ndi mitsinje zidakokolola miyala yofewa imene idalikuta, n'kusiya chimwala chachikulu chimene nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002. Zimene zidatsika m'phiri mu 2023 adali madzi, dothi, mitengo ndi miyala, zomwe makolo athu adazitcha napolo. Moto mudalibe, ndipo palibe chifukwa choti tizigona tikuuyembekeza.

Komabe sitili kutali ndi mapiri amoto monga mmene ambiri timaganizira. Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire zili mu mng'alu waukulu umene ukung'amba kum'mawa kwa Africa pang'onopang'ono. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde ndi mboni za kutentha kumene kuli pansi pathu, monganso zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009. Mukangowoloka Songwe kulowa m'dziko la Tanzania mumapeza mapiri amoto a Rungwe, Ngozi ndi Kyejo, ndipo la Kyejo lidatulutsa chiphalaphala chamoto cha m'ma 1800. Mukatsata mng'alu womwewo chakumpoto, kupitirira nyanja ya Tanganyika, mumafika pa nyanja ya Kivu ndi mzinda wa Goma m'dziko la Democratic Republic of Congo.

Dzina la Goma silachilendo m'makutu mwathu. Kuyambira mu 2013 asilikali a dziko lino adatumizidwa mobwerezabwereza m'chigawo cha North Kivu kukasungitsa mtendere, poyamba pansi pa bungwe la United Nations pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, kenaka kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka mu 2025 pansi pa bungwe la SADC. Ena a iwo adakhala ku Goma ndi ku Sake, kumapuma mpweya wa kumeneko ndi kumwa madzi a kumeneko. Makilomita osakwana 20 kumpoto kwa mzindawo kuli phiri la Nyiragongo, lotalika mamita 3,470, ndipo pafupi nalo pali mnzake Nyamuragira. Mapiri awiriwa ali m'gulu la mapiri amene amatulutsa mpweya wa sulufule wochuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi.

Nyiragongo lidang'ambika pa 10 Januwale 1977 ndipo chiphalaphala chake, chomwe n'chamadzimadzi ndi chothamanga zedi, chidapsereza midzi ya m'tsinde mwake. Pa 17 Januwale 2002 chiphalaphalacho chidadutsa pakati pa mzinda wa Goma mpaka kukalowa m'nyanja, chidakwirira mbali ina ya bwalo la ndege, chidawononga tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Goma, ndipo anthu oposa 100 adafa. Pa 22 Meyi 2021 phirilo lidaphulikanso. Ulendo uno motowo udaima kumalire kwa mzinda, koma anthu oposa 30 adataya miyoyo. Ena adafa pa ngozi za galimoto pothawa, ndipo ena adabanika ndi mpweya woipa pamene ankadutsa pa chiphalaphala chimene chidali chisanazizire bwino. Patapita masiku asanu, pa 27 Meyi, akuluakulu a boma adalamula kuti madera 10 mwa madera 18 a mzindawo asamuke, ndipo anthu pafupifupi 400,000 adanyamula katundu pamutu, ambiri kulowera ku Sake.

Mpweya umene suoneka

Zimene makamera amakonda kujambula ndi moto wofiira usiku ndi mtambo wa phulusa masana. Koma taonani zaka zija: 1977, 2002, 2021. Moto umabwera kamodzi pa zaka pafupifupi makumi awiri, pamene mpweya umatuluka pafupifupi tsiku lililonse pa zaka zambiri zapakati pake. Ambirife mawu akuti sulufule tidayamba kuwamva m'nkhani ya Sodomu ndi Gomora m'buku la Genesis, tisanakumane nawo m'kalasi ya sayansi. Sulufule akapsa amagwirizana ndi mpweya umene timapuma n'kupanga mpweya wina wotchedwa sulfur dioxide. Mpweyawu ulibe mtundu, koma uli ndi fungo lolasa m'mphuno longa limene mumamva mukangokhwatcha machesi. Pansi pa phiri lamoto umakhala utasungunuka m'miyala yamadzimadzi, monga mmene mpweya umakhalira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi lisanatsegulidwe. Miyalayo ikamakwera kuyandikira kunja, mpweyawo umamasuka n'kutuluka.

Mpweya umenewu ukakumana ndi chinyezi umasanduka asidi, wa mtundu umodzi ndi amene ali mu batire ya galimoto ngakhale amakhala wosukuluka kwambiri. Tsono m'maso, pakhosi ndi m'mapapo mwa munthu mumakhala monyowa nthawi zonse. N'chifukwa chake woupuma amayamba kutuluka misozi, kutsokomola ndi kumva chifuwa chikuthina. Munthu wa mphumu angathe kubanika m'mphindi zochepa chabe, ndipo ana, okalamba ndi odwala mtima kapena chifuwa chachikulu ndiwo amavutika msanga. M'malangizo ake a mu 2021, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidati pa tsiku lathunthu mpweyawu usamapitirire ma microgram 40 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Microgram imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu. Mlingo wochepa chonchi mphuno ya munthu singathe kuuyeza. Pamafunika chipangizo, ndiponso munthu wodziwa kuchiwerenga.

Chimene chimaopsa kwambiri ndi kumene mpweyawu umakhala. Sulfur dioxide ndi wolemera kuposa kawiri mpweya wamba. Ukamatuluka uli wotentha umakwera m'mwamba, koma ukazizira, makamaka usiku wopanda mphepo, umatsika n'kutsata zigwa. Ife a kuno chinthu ichi timachidziwa ndi maso. M'mawa wozizira wa m'mwezi wa Juni kapena Julayi, utsi wa m'mauvuni a njerwa ndi wa moto wolusa umayala m'munsi ngati bulangete, pamwamba pa minda ya tiyi ndi m'mbali mwa mitsinje, mpaka dzuwa litakwera. Chimachitika n'chakuti mpweya wozizira wa pansi umatsekeredwa ndi wofunda umene uli pamwamba pake. Pafupi ndi phiri lamoto zimachitikanso chimodzimodzi, ndipo mudzi umene dzulo udali bwinobwino lero ungadzuke ana onse akutsokomola chifukwa choti mphepo yatembenuka. Pa chilumba cha Miyakejima ku Japan, anthu onse pafupifupi 3,800 adasamutsidwa mu Seputembala 2000, ndipo chimene chidawaletsa kubwerera mpaka mu Febuluwale 2005 ndi mpweya umenewu. Atabwerera adapeza zipangizo zoyezera mpweya m'madera awo ndi zokuzira mawu zowachenjeza, ndipo aliyense adalamulidwa kuyenda ndi chotchingira kumaso chosefa mpweya.

Zimene mpweyawu umachita m'mapapo umachitanso pa nthaka ndi pa nyumba. Ukasakanikirana ndi mitambo umagwa pamodzi ndi mvula, ndipo mvula ya asidiyo imawaula masamba a mbewu ndi kudya malata mpaka kubooka nthawi yake isanakwane. Ku Kivu mphepo kawirikawiri imakankhira utsi wa mapiri awiri aja chakumadzulo, ndipo m'midzi ya kumeneko, momwe mabanja ambiri amadalira madzi a mvula otunga pa denga, akatswiri adapeza kuti madziwo amakhala ndi asidi ndiponso mchere wa fluoride wochuluka umene umawononga mano. Mbiri ikutisonyeza polekezera pake. Mu Juni 1783 mng'alu wa Laki ku Iceland udatseguka ndipo udatulutsa mpweya kwa miyezi isanu ndi itatu. Msipu udaipa, ziweto zoposa theka zidafa, ndipo njala imene idatsatira idapha pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse a m'dzikomo. Ambiri mwa iwo chiphalaphala sichidawakhudze n'komwe.

Pali mpweya winanso wa pansi umene ulibe ngakhale fungo. Pakati pa Goma ndi Sake, m'mbali mwa nyanja ya Kivu, pali malo otsika momwe mpweya wa carbon dioxide umatuluka m'ming'alu ya miyala n'kudikha ngati madzi a m'chithaphwi. Anthu akumeneko amawatcha mazuku. Munthu wamkulu angathe kudutsapo mutu wake uli pamwamba pa mpweyawo, pamene mwana wamfupi kapena mbuzi zimagwa pomwepo. Alendo ndi othawa nkhondo amene sadziwa malowo ndiwo amakhala pa chiopsezo chachikulu. Ku Cameroon, usiku wa pa 21 Ogasiti 1986, mpweya womwewu udatuluka mwadzidzidzi m'nyanja ya Nyos n'kutsetsereka m'zigwa, ndipo anthu oposa 1,700 adafa, ambiri ali m'tulo. Amene tidamvapo za banja lopezeka litakomoka chifukwa chogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, ngakhale mpweya wa makala ndi wa mtundu wina, tikudziwa kale kuti chimene sichioneka chimapha mwakachetechete.

Kumene phulusa limapita

Phulusa la phiri lamoto tisaliyerekeze ndi la pa mafuwa. Ilo ndi miyala ndi magalasi zoperedwa, lokhakhala ngati mchenga wosalala, ndipo silisungunuka m'madzi. Limakanda maso, limalowa m'mapapo, limaipitsa zitsime, ndipo likanyowa limalemera ngati simenti. Pamene phiri la Pinatubo ku Philippines lidaphulika pa 15 Juni 1991, tsiku lomwelo kudadutsa namondwe. Mvula idanyowetsa phulusa limene lidali pa madenga, madengawo adagwa, ndipo anthu pafupifupi 300 adafera m'nyumba zimene adathawiramo. Phiri lomwelo lidaponya m'mwamba kwambiri matani a sulfur dioxide oposa 15 miliyoni, amene adazungulira dziko lonse n'kuchepetsa kutentha kwake ndi pafupifupi theka la digiri kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kumene phulusa lidzagwere kumadalira kutalika kumene lafika ndiponso mphepo imene lapeza kumeneko, pakuti mphepo ya pansi ndi ya kumwamba sizilowera kumodzi nthawi zonse. Lolemera limagwa pafupi, lopepuka limayenda masiku. Ife amene timafunda mabulangete chifukwa cha chiperoni, chimene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, sitifunika kuuzidwa kuti mphepo siima pa chipata cha Muloza kuti idinditse pasipoti. Mu Juni 1982 ndege ya British Airways idalowa mu mtambo wa phulusa la phiri la Galunggung ku Indonesia usiku, ndipo mainjini ake onse anayi adazima kwa kanthawi isanakatere ku Jakarta. Mu Epulo 2010 phulusa la phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland lidaimitsa maulendo a ndege pafupifupi 100,000 ku Ulaya, ndipo antchito a m'minda ya maluwa ku Kenya adauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba chifukwa maluwa adalibe chowanyamula. Pa 23 Novembala 2025, phiri la Hayli Gubbi ku Ethiopia, limene padalibe mbiri yolembedwa yoti lidaphulikapo, lidaponya phulusa lomwe lidawoloka Nyanja Yofiira, kudutsa Yemen ndi Oman mpaka kukasokoneza ndege ku India.

Chifukwa cha ngozi zonga zimenezi, dziko lapansi lidakhazikitsa malo asanu ndi anayi olondera mitambo ya phulusa, ndipo amene amayang'anira Africa ali mumzinda wa Toulouse ku France. Iwo amagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ndi makompyuta olosera mphepo, n'kumauza oyendetsa ndege njira zoti apewe. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo yapulumutsa miyoyo. Koma tiyeni tione chilungamo chake. Mtambo wa kumwamba, umene umaopseza ndege ndi malonda a mayiko olemera, uli ndi alonda usana ndi usiku. Mpweya wa pansi, umene mwana wa mlimi amapuma pa msinkhu wa mita imodzi, kawirikawiri ulibe wouyeza. Setilaiti imaona kuchokera kumwamba ndipo singanene bwino zimene zili m'chigwa chakutichakuti m'mawa uno. Pamenepo pamafunika chipangizo chozikidwa pansi, batire yamoyo, galimoto yokhala ndi mafuta ndi munthu wolipidwa pa nthawi yake.

Alonda osamalidwa ndi alonda oiwalidwa

Mapiri awiri akutiphunzitsa kusiyana kwake. Ku Pinatubo, akatswiri a ku Philippines ndi anzawo a ku America adayamba kuyeza sulfur dioxide milungu ingapo phirilo lisanaphulike. Pa 13 Meyi 1991 adapeza matani pafupifupi 500 pa tsiku, ndipo pofika pa 28 Meyi adaposa 5,000. Kenaka mlingowo udatsika mwadzidzidzi, zimene iwo adaziona ngati chizindikiro choti njira yatsekeka ndipo mphamvu ikuunjikana mkati. Mpweya woopsa uja udasanduka mthenga. Adachenjeza, boma lidamva, anthu masauzande ambiri adasamutsidwa, ndipo zikuwerengedwa kuti miyoyo yosachepera 5,000 idapulumuka. Ku Colombia zidayenda mwina. Mu Okutobala 1985 akatswiri adatulutsa mapu osonyeza kuti tauni ya Armero ili pa njira ya matope ochokera ku phiri la Nevado del Ruiz. Pa 13 Novembala phulusa lidayamba kugwa m'tauniyo masana, koma anthu adauzidwa kuti akhale phee m'nyumba. Usiku womwewo, patatha maola oposa awiri phiri litaphulika, matope adafika. Anthu pafupifupi 23,000 adafa m'deralo. Chidziwitso chidalipo, nthawi yothawira idalipo, chidasowa ndi khutu lomvera.

Ku Goma kuli bungwe lolondera mapiri aja lotchedwa Observatoire Volcanologique de Goma. Mu 2020 thandizo la ndalama limene linkachokera ku World Bank lidatha ndipo silidapitirizidwe, pakati pa madandaulo okhudza kayendetsedwe ka chuma. Kwa miyezi ingapo alondawo adalibe intaneti yolandirira uthenga wochokera ku zipangizo zawo, ndipo mafuta okwerera kuphiri adali osowa. Wina anganene kuti ngakhale ndalama zikadakhalapo sizikadathandiza, ndipo ali ndi mfundo: kafukufuku amene adatuluka mu 2022 adasonyeza kuti mu 2021 zizindikiro zomveka zidayamba pasanathe ola limodzi phirilo lisanang'ambike. Koma mfundo imeneyi ikungolimbitsa yathu. Ngati chenjezo lingakhale lalifupi chotero, ndiye kuti ntchito yaikulu ya mlonda ili m'zaka za mtendere: kujambula mapu a njira za chiphalaphala ndi malo a mazuku, kuphunzitsa ana a sukulu kothawira, kuyeza madzi akumwa ndi mpweya wa m'midzi. Zonsezi zimafuna ndalama pa nthawi imene palibe kamera ikuyang'ana, ndiponso zimafuna kuti ndalamazo zigwire ntchito yake osalowa m'matumba.

Tisaiwalenso kuti sulfur dioxide sachokera kumapiri kokha. Amatuluka paliponse pamene pakuwotchedwa malasha kapena kusungunula miyala ya mkuwa. Ku Kankoyo, m'tauni ya Mufulira ku Zambia, utsi wa ku fakitale yosungunulira mkuwa adautcha senta, ndipo kwa zaka zambiri udadya malata ndi kuumitsa madimba. Mu 2020 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo lidagamula kuti kampani ya Mopani ilipire chifukwa cha imfa ya bwanamkubwa wa boma la Mufulira, amene adamwalira atapuma utsiwo kumapeto kwa 2013. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira maganyu, khoti la ku Pretoria lidagamula mu Malichi 2022 kuti mpweya woipa wa dera la Highveld, kumene kuli malo ambiri opangira magetsi ndi malasha, ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala m'malo osawononga thanzi. Milandu yonse iwiri idatheka chifukwa padali umboni wa zoyezedwa. Popanda woyeza, wosauka amangotsokomola ndipo palibe womuyankha.

Tibwerere kwathu

Phiri lathu lilibe moto, koma lili ndi mbiri yake ya zoopsa, pamodzi ndi mapiri anzake a kum'mwera kuno. Napolo adatsika m'phiri la Zomba mu Disembala 1946. Mu Malichi 1991 adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023 adatsika ku Soche, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi kuno ku Mulanje. Malinga ndi chiwerengero cha boma, anthu oposa 670 adafa m'dziko muno, oposa 500 adasowa, ndipo oposa 650,000 adasiya nyumba zawo. Nthambi yoona za nyengo idali italengeza masiku angapo m'mbuyo kuti namondweyo akubwera. Funso limene liyenera kutisowetsa tulo ndi lakuti: uthengawo udafika bwanji kwa mayi wa m'tsinde mwa phiri, m'chilankhulo chiti, ndipo adauzidwa kuti athawire kuti? Njira za matope a mu 2023 zikuonekabe m'phiri ngati zipsera. Kodi mabanja angati amanganso m'njira zomwezo chifukwa chosowa malo ena?

Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo mwambiwu timautchula kawirikawiri pa maliro. Uli ndi choonadi chake, chifukwa palibe katswiri amene angatchule ola lenileni. Koma tisaugwiritse ntchito ngati chofunda cha ulesi. Zimene taona ku Pinatubo ndi ku Armero zikusonyeza kuti chakudza nthawi zambiri chimayimba ng'oma, kungoti motsitsa, ndipo amaimva ndi amene adaphunzira kumvetsera. Mng'alu watsopano m'munda wotsetsereka, kasupe wotumphuka pamene padalibe madzi, mtsinje wosanduka wofiira kapena wophwa mwadzidzidzi mvula ikugwa, mitengo yopendekeka, zonsezi ndi ng'oma. Chimodzimodzinso mawu akuti "chidali chifuniro cha Mulungu" tiwasamale. Amatonthoza wolira, koma asakhale pobisalira amene adanyozera ntchito yake. Nzeru zoyezera mvula ndi mpweya nazonso ndi mphatso, ndipo woikwirira m'nthaka adzafunsidwa.

Ena adzati dziko losauka ngati lathu silingakwanitse zipangizo zoterezi pamene m'zipatala mulibe mankhwala okwanira. Dandauloli ndi lomveka. Koma tiyerekeze mtengo wa choyezera mvula chimodzi ndi mtengo wa mlatho umodzi wokokoloka, kapena wa msasa umodzi wodyetsa anthu kwa miyezi itatu. Ndiponso zambiri zimene zimafunika si za ndalama zochuluka: munthu wokhulupirika wolemba mlingo wa mvula m'kope tsiku ndi tsiku, wenzulo kapena belu lodziwika ndi mudzi wonse, ndi malo okwera amene aliyense akudziwa kuti ndiye pothawira.

Tsono ife achinyamata tichitepo chiyani? Choyamba, titeteze maso a alonda athu. Pamene paikidwa choyezera mvula kapena choyezera madzi a mumtsinje, sola ndi batire yake zisakathere pa msika. Wogula batire yotere akugula tulo ta mudzi wonse pa mtengo wa mowa. Chachiwiri, tilowe m'makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, tisawasiyire okalamba okha, ndipo tiyende ndi ana a m'dera lathu kuwasonyeza njira yothawira kukadali kowala. Chachitatu, tifunse makhansala ndi aphungu athu, mwaulemu koma mosatopa, kuti ndondomeko ya chuma ya khonsolo yaika zingati pa kuchenjeza anthu, kuti mapu a malo oopsa a m'boma lino ali kuti, ndiponso kuti bungwe la MEPA, loteteza chilengedwe, likuyeza mpweya wa m'matauni mwathu motani.

Chachinayi, tisamale zimene timatumiza pa foni. Uthenga wabodza woti phiri likutuluka moto umathamangitsa anthu pachabe, ndipo tsiku la chenjezo lenileni amadzangotembenuka n'kupitiriza kugona. Tisanatumize, tifunse kuti wanena ndani, ndipo titsate zimene nthambi ya zanyengo ndi ya DoDMA zalengeza. Chachisanu chikupita kwa inu amene muli ku sekondale. Masamu, Chemistry ndi Geography musaziope. Ku Zomba kuli nthambi ya boma yofufuza za miyala ndiponso yunivesite ya Malawi, ndipo pafupi pompa ku Thyolo yunivesite ya MUST imaphunzitsa za nyengo ndi za nthaka. Zingakhale zokoma kuti amene adzajambule mapu a zigwa za Ruo, Lichenya ndi Likhubula adzakhale mwana wobadwira m'zigwa zomwezo, wodziwa mayina a midzi ndi wotha kufotokozera agogo ake m'Chichewa kapena m'Chilomwe.

Anthu a ku Goma sadasankhe kubadwira pansi pa Nyiragongo, monganso ife sitidasankhe kubadwira pansi pa Mulanje. Iwo amakhalabe kumeneko chifukwa nthaka ndi yachonde ndipo ndi kwawo, ifenso timakhala kuno chifukwa phiri limatipatsa madzi, mvula ndi dzina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mvula ya chaka chino isanayambe, gulu lililonse la achinyamata likhale pansi ndi mfumu ya m'dera lake, lilembe mayina a mabanja amene ali m'njira ya madzi, okalamba ndi olumala amene adzafune kunyamulidwa, ndi munthu amene adzaimbe belu usiku.

Tikufunirani sabata yabwino, ndipo tiwakumbukire m'mapemphero abale athu a ku Goma ndi onse amene adataya okondedwa awo m'tsinde mwa phiri lathu.